Nyimbo imene ndinagulitsa ngati mbuzi

Masiku ano anyamata ndi atsikana a kwathu kuno kuchigwa cha Shire akandiona ndikutsika minibasi pa Bangula amakodolana n'kumati uyo ndiye amapekera nyimbo oyimba a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo ena amandilondola mpaka kunyumba atanyamula makope awo. Ambiri amafuna ndiwaphunzitse kupeka kolasi yogwira mtima, koma ine chimene chinandidyera zaka zisanu za moyo wanga ndi kulephera kusunga dzina langa pa nyimbo imene ndinapeka ndekha. Ndikulemba zimene zinandichitikira mwatsatanetsatane, pamodzi ndi ndalama zimene ndinataya ndiponso zolakwa zanga, chifukwa pocheza pakhonde sindimatha kuzifotokoza zonse.

Ndinabadwira ku Makhanga, kutsidya kwa Shire, pafupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira madzi ake. Agogo anga aamuna anali katswiri wa valimba, ndipo ndili mwana ntchito yanga inali yowanyamulira zikho ndi timitengo toyimbira akaitanidwa kumaliro kapena kuukwati. Iwo ndiwo anandiphunzitsa, osadziwa kuti akundiphunzitsa, kuti nyimbo yabwino imasiya malo oti anthu avomere, ndipo kuti ngati amayi a kumphika sanayambe kuyimba nawo pofika kachitatu, nyimboyo yafa. Ndili sitandade 6 ndinapanga banjo yachigubu cha mafuta yokhala ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga, ndipo pamene ndinkalemba mayeso a fomu 4 mu 2009 ndinali nditadzaza makope anayi ndi nyimbo zanga. Mayesowo sanandiyendere bwino, motero ndinapita ku Nchalo kukagwira ntchito ya nyengo m'minda ya nzimbe, ndipo madzulo ndinkayimba ndi gitala yobwereka kwa mnzanga wa kukwaya.

Mu Okutobala 2011 mlongo wanga anakwatiwa ku Nchalo komweko. Ndinalibe mphatso yomupatsa, choncho ndinamupekera nyimbo imene mavesi ake anali m'Chichewa koma kolasi m'Chisena, yonena za mayi amene akuperekeza mwana wake padoko n'kumamuuza kuti asaiwale njira yowolokera kwawo. Tsikulo kunatentha monga mmene kumatenthera kuno mwezi wa Okutobala, komabe anthu anandiuza kuti ndiibwereze katatu, ndipo mayi anga analira poyera, chinthu chimene sindinachionepo chiyambire. Pambuyo pake nyimboyo inayamba kuyimbidwa m'maukwati ena a m'deralo popanda ine, ndipo ndinkangosangalala nazo.

Mu Ogasiti 2012 kunabwera woyimba wina wotchuka kudzayimba pamalo ena achisangalalo pa Nchalo. Sinditchula dzina lake, pakuti nkhani yathu inakambidwa kale ndipo cholinga changa si kuitukulanso. Mnzanga amene ankagwira ntchito pamalopo anandilowetsa kuseri kumene oyimba ankapumira, ndipo ndinayimba nyimbo zitatu manja akunjenjemera. Mkuluyo anamvetsera mwachidwi, kenaka anatulutsa foni n'kundiuza kuti ndibwerezenso zonse kuti akazimvetsere bwino kunyumba. Nditamaliza anati, "Mphwanga, iwe uli ndi mphatso. Iyi ya ukwatiyi ndaitenga, ndipo dzina lako lidzakhala pachikuto cha chimbale." Anandiwerengera K15,000 ya mapepala a K1,000 amene anali atangotuluka kumene chaka chomwecho, ndipo ine ndinagwada polandira n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri bwana, Mulungu akudalitseni." Ndalama imeneyo inkaposa malipiro anga a mwezi wathunthu.

Usiku umenewo ndi umene ndimaubwereza m'maganizo mpaka lero. Kope langa linali m'thumba, cholembera chinali momwemo, ndipo mnzanga uja anali ataima pakhomo moti akanatha kukhala mboni. Chimene chinanditseka pakamwa ndi ulemu umene tinaleredwa nawo, woti mwana sauza wamkulu kuti alembe zimene walonjeza, chifukwa kutero kuli ngati kumunena kuti ndi wabodza. Ndikanang'amba tsamba limodzi n'kulembapo tsiku, dzina la nyimboyo, dzina langa monga wopeka, ndalama zimene ndalandira, ndiponso mawu akuti ndalamazo ndi zomulola kujambula nyimboyo osati zomupatsa umwini, tonse n'kusaina, mavuto onse amene ndikufotokoza pansipa sakanakhalapo. Za nyimbo ziwiri zinazo sitinakambirane chilichonse, ndipo sindinaganize n'komwe kuti kuzisiya m'foni ya munthu wina n'chimodzimodzi kuzipereka.

Panapita miyezi isanu ndi iwiri ndisanamve kanthu. Tsiku lina mu Malichi 2013 ndinakwera minibasi yopita ku Blantyre, ndipo titaima pa rodibuloko ya Thabwa wailesi ya m'galimotomo inayamba kuyimba nyimbo ya mlongo wanga, itavekedwa magitala, ng'oma ndi mawu a atsikana ovomera. Thupi lonse linachita tsembwe. Ndinauza mayi amene ndinakhala naye pampando kuti nyimboyo ndinapeka ndine, ndipo iye anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pamene ndinavala nkhwaira, n'kuseka mwaulemu. Pokwera mapiri onse aja mtima wanga unali m'mwamba, ndipo nditangofika ku Limbe ndinagula CD yake. Ndinaitembenuza uku ndi uku, ndinawerenga ngakhale mayina a anthu amene ankawathokoza, koma dzina langa panalibe. Pansi pa mndandanda wa nyimbo panali mawu achingerezi onena kuti nyimbo zonse anapeka ndi iye mwini, ndipo pamndandandawo panalinso nyimbo zanga ziwiri zija, atazisintha mayina.

Ndinayimba foni yake kambirimbiri. Poyamba ankayankha kuti osindikiza chikuto ndiwo analakwitsa ndipo adzakonza akamasindikizanso, kenaka anayamba kunena kuti ali mu situdiyo, mapeto ake foni inangokhala yosayankhidwa. Mu Juni chaka chomwecho ndinapempha tchuthi n'kupita kukamufunafuna, ndipo ndinakhala masiku asanu ndi anayi kwa msuweni wanga ku Ndirande, kugona pamkeka m'chipinda chochezera. Mwini wakeyo sindinamuone. Amene ndinakumana naye ndi mkulu woyendetsa ntchito zake, amene atamva nkhani yanga anandifunsa kuti, "Achimwene, si inu a kuchigwa, kwa eni ziweto? Kodi kwanuko munthu akagulitsa mbuzi pamsika amabweranso kudzaitanitsa ana amene yaswa?" Ndinasowa choyankha, chifukwa m'mutu mwanga fanizolo linkamveka loona. Ulendo umenewo, kuphatikiza thiransipoti, chakudya, mayunitsi ndi masiku amene anandidula kuntchito, unandidyera pafupifupi K22,000, kutanthauza kuti pofika apa nyimbo yanga inali itandilowetsa m'ngongole.

Cholakwa chachiwiri chinali changa ndekha ndipo palibe amene ndingamuloze chala. Mu 2014, nyimboyo ili m'kamwa mwa aliyense ndipo palibe ukwati umene unkatha osaiyika, ndinapsa mtima usiku wina n'kulemba pa Facebook kuti woyimbayo ndi mbava, ndipo ndinawonjezerapo mawu ena okhudza banja lake amene sindingawabwereze. Otsatira ake anandigwera ngati njuchi, ena akuti ndine wamisala, ena akunyoza mtundu wanga ndi kumene ndimachokera. Patapita masiku atatu ndinalandira foni yondichenjeza kuti andisumira kukhoti chifukwa choipitsa mbiri ya munthu, ndipo popeza ndinalibe umboni m'manja ndinafufuta zonse n'kupepesa poyera. Kupepesako anthu anakutenga ngati kuvomera kuti ndinanama. Mayi wina woyimba nyimbo zauzimu amene tinali titayamba kukambirana zoti ndimupekere nyimbo zinayi anasiya kundiyankha, ndipo ndinamva kudzera kwa ena kuti akuopa munthu wamilandu. Malume anga anandiitanitsa n'kundikumbutsa kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Amene mwalakwiridwa ngati mmene ndinalakwiridwira ine, sonkhanitsani umboni mwakachetechete musanalankhule pagulu, chifukwa mawu olembedwa mokwiya amasanduka chida cha mnzanuyo.

Kumapeto kwa chaka chimenecho ndinasiya ntchito ku Nchalo n'kubwerera ku Makhanga kukalima, nditatsimikiza mtima kuti za nyimbo ndathana nazo. Makope anga, amene tsopano anali asanu ndi awiri, ndinawaika m'sutukesi pamwamba pa mtanda wa denga. M'kope lachisanu ndimo munali nyimbo zitatu zija, zolembedwa ndi dzanja langa, zofufutafufuta, zokhala ndi masiku pamwamba pa tsamba, ndipo ngakhale sindinkadziwa mtengo wake, umenewo ndiwo unali umboni wanga wamphamvu.

Mu Januwale 2015 madzi anabwera usiku. Ife a ku Makhanga tinazolowera madzi osefukira, koma a chaka chimenecho anali achilendo, pakuti Ruo anasiya njira yake n'kudutsa pakati pa midzi, ndipo pa 13 Januwale boma linalengeza kuti maboma 15 ali pangozi. Ine ndinanyamula mayi anga kumsana, mkazi wanga ananyamula mwana, ndipo tinakhala masiku awiri pachulu pamodzi ndi mabanja ena mpaka boti linadzatitenga. Nyumba inagwa, ndipo sutukesi ija sindinaionenso. Pamene anthu anataya abale awo, kulira makope kunkaoneka ngati chipongwe, motero ndinalira chamumtima osauza munthu.

Chodabwitsa n'chakuti njira inatsekukira kumsasa wa anthu othawa madzi ku Bangula. Bungwe lina lothandiza anthu linkafuna nyimbo yophunzitsa za kusamba m'manja ndi kuthira mankhwala m'madzi akumwa pofuna kupewa kolera, ndipo anthu a kwathu anandiloza ine. Ndinaipeka tsiku limodzi. Mayi amene ankayang'anira ntchitoyo asanandipatse K40,000 imene tinagwirizana anatulutsa pepala la masamba awiri n'kundiuza kuti ndiwerenge ndisanasaine. Pepalalo linkanena kuti nyimboyo ndi yanga, kuti iwo akuloledwa kuigwiritsa ntchito kwa chaka chimodzi m'misasa ndi pawailesi za m'madera, ndipo kuti akafuna kupitiriza adzakambirana nane kachiwiri. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, kodi inu mwalipira ndalama, nanga nyimboyi ikhala bwanji yanga?" Iwo anadabwa ndi funsolo, ndipo nditawafotokozera za mbuzi ija anandiyankha kuti ngakhale kwathu kuno munthu amatha kupereka ng'ombe kwa mnzake kuti amusungire m'khola kapena alimire, koma ng'ombeyo ndi ana ake zimakhalabe za mwini wake. Anandiuzanso za COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso, limene ndinkangolimva pawailesi n'kumaganiza kuti ndi la anthu otchuka okhaokha.

Zinanditengera chaka chathunthu kuti ndipeze ndalama ya ulendo, pakuti chofunika choyamba chinali kumanga pogona. Mu 2016 ndinagulitsa mbuzi ziwiri zenizeni n'kupita ku Lilongwe, kumene kuli likulu la bungweli, ndipo ulendo wonse unandidyera ndalama zoposa K30,000. Kumeneko ndinaphunzira m'maola awiri zimene zikanandipulumutsa zaka zinayi m'mbuyomo. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 1989, limene linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano la 2016, ndipo ntchito yake ina ndi kutolera ndalama kwa amene amagwiritsa ntchito nyimbo pagulu, monga nyumba zoulutsira mawu, mahotela ndi malo achisangalalo, n'kuzigawa kwa eni nyimbozo. Anandifotokozera kuti umwini wa nyimbo umayamba pamene waipeka, sudikira kuti ukalembetse, koma kulembetsa ndiko kumachititsa kuti ndalama zidziwe kolowera. Anandionetsanso kuti mu nyimbo imodzi muli magawo angapo, la wolemba mawu, la wopeka mayimbidwe, la woikonza, ndiponso la woyimba ndi wojambula, moti munthu amene sanagwirepo maikolofoni angathe kumalandira ndalama nthawi zonse nyimbo yake ikamaseweredwa. Ndipo ufulu wotchulidwa dzina monga wopeka ndi wapadera, sufanana ndi ndalama imene walandira pamanja.

Kenaka panabwera mawu olemera. Nyimbo zitatu zija zinali zitalembetsedwa kale m'dzina la woyimba uja monga wopeka, ndipo kuti zisinthe pankafunika umboni woti zinalipo iye asanazijambule. Anandifunsa za makope, ndipo ndinangoti anapita ndi Ruo. Pobwerera m'basi ndinkaganiza kuti ndataya mbuzi zanga pachabe.

Amene anakumbukira za kanema wa ukwati ndi mkazi wanga. Pa ukwati wa mlongo wanga panali mnyamata wojambula ndi kamera, ndipo ngakhale DVD ya mayi anga inapita ndi madzi, apongozi a mlongo wangayo ku Nchalo anali ndi yawo. Tinaipeza m'bokosi la zovala itakulungidwa m'chitenje, yokalikakalika moti inkaima pakati. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina woika nyimbo m'mafoni pamsika, amene anaipukuta ndi kuikopera mu kompyuta kwa masiku awiri, n'kundilipiritsa K2,000. Mbali zina zinawonongeka, koma mphindi zisanu ndi chimodzi zimene ndinkazifuna zinatuluka bwino: ine nditaima ndi gitala yobwereka, wotsogolera mwambo akulengeza kuti mchimwene wa mkwatibwi wapeka nyimbo yapadera, ndipo pakona pa chithunzi pakuoneka tsiku la mu Okutobala 2011. Ndinawonjezerapo fotokope ya setifiketi ya ukwati ya kutchalitchi, ndi makalata a amayi awiri a kwaya amene anavomera kolasi tsikulo. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti umboni wa nyimbo sukhala m'kope mokha, ndipo munthu asanataye mtima afunse amene anajambula paukwati, pamaliro kapena pa mpikisano wa makwaya pamene anaiyimba koyamba.

Kuchokera pamene ndinapereka umboniwo mpaka tsiku limene tinakhala pansi ndi woyimba uja panapita miyezi khumi ndi umodzi, chifukwa masiku ankasinthasintha, iye ali paulendo kapena ine ndilibe thiransipoti. Tinakumana mu 2017. Ndinkayembekezera mkangano, koma ataonera kanemayo anakhala chete kwa nthawi, kenaka anati sanakanepo kuti anaimva kwa ine, koma kuti iye ndiye anasintha vesi yachiwiri, anaika mayimbidwe a magitala, analipira situdiyo ndipo anaiyendetsa m'mawailesi. Kunena zoona, zimenezo sizinali zabodza, ndipo nyimbo imene dziko linaikonda inali ndi dzanja lake. Tinagwirizana kuti gawo la wopeka tigawane pakati ndi pakati kuyambira tsiku limenelo, ndipo kuti dzina langa lizitchulidwa paliponse pamene nyimboyo yalembedwa. Ndalama za zaka zinayi zimene nyimboyo inali pamwamba sindinazione, ndipo kuti ndizilondole pankafunika loya ndi khoti, zimene thumba langa silikanakwanitsa. Ena amati ndinagonja msanga. Mwina akunena zoona, koma ndinali ndi mwana wodwaladwala ndi nyumba yofolera ndi lona.

Pa nyimbo ziwiri zinazo anakanitsitsa, ndipo ine ndinalibe chosonyeza. Anabweretsa pepala loti ndisaine kuti ndilibenso dandaulo lililonse pa chimbale chonsecho. Apa ndiye pamene ndinachita chinthu chanzeru koyamba m'nkhani yonseyi: ndinapempha kuti ndikaliwerenge kunyumba, ndinakalionetsa kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene amadziwa bwino Chingerezi, ndipo tinabweza yankho lakuti ndisaina za nyimbo imodzi yokhayo. Pepala lililonse limene munthu akukukakamizani kusaina pompopompo, litengeni mukagone nalo.

Ndalama yoyamba inalowa mu 2018, ndipo inali K86,000. Sinali yochuluka poyerekeza ndi zimene ndinkalota, koma ndinagulira malata oyamba a nyumba imene ndikukhalamo pano, kumtunda kwa Bangula kumene madzi safika. Amene mukulowa mu ntchito imeneyi dziwani kuti ndalama za umwini sizibwera mwezi ndi mwezi ngati malipiro, pakuti zimadalira kuti ogwiritsa ntchito nyimbo alipire kaye, ndipo ena amachedwa kwambiri. Pali chaka chimene sindinalandire kanthu, ndipo pali chaka chimene ndinalandira kawiri, makamaka chiyambireni kugawidwa kwa ndalama zimene zimadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni ndi mafulashi zikamalowa m'dziko. Munda wanga wa chimanga ndi mbatata kudimba sindinausiye, ndipo sindikulangiza munthu kusiya wake.

Chimene chinasintha moyo wanga kwenikweni ndi dzina lija. Litangoyamba kutchulidwa, oyimba ena anadziwa kuti kuseri kwa nyimbo ija kuli munthu wa kuchigwa, ndipo anayamba kundifunafuna okha, poyamba oyimba achinyamata ofuna kolasi ya Chisena, kenaka otchuka, kenakanso makampani ofuna nyimbo zotsatsira malonda, zimene kunena mosabisa ndizo zimalipira msanga kuposa nyimbo za chikondi. Pofika lero nyimbo zanga zoposa makumi anayi zajambulidwa ndi anthu ena, ndipo zisanu mwa izo zinavuta m'dziko muno. Ine mwini sindinatulutsepo chimbale, chifukwa mawu anga ndi a pakhonde, ndipo ndinavomereza zimenezo kalekale.

Kachitidwe kanga tsopano n'kosavuta. Ndikangomaliza nyimbo ndimaiyimba m'foni, ndimajambula tsamba la kope, ndipo zonse ndimazitumiza ku imelo yanga ndi ya mlongo wanga tsiku lomwelo, ndisanaimvetse munthu aliyense. Wofuna kuimva ndimamutumizira vesi imodzi ndi theka la kolasi basi. Tikagwirizana timalemba pepala la tsamba limodzi m'Chichewa, lonena amene walemba mawu, amene wapeka mayimbidwe, gawo la aliyense pa 100, ndalama ya pamanja, ndi mmene dzina langa lidzalembedwere pa YouTube ndi kwina kulikonse, ndipo timasaina pamaso pa mboni ziwiri tisanalowe mu situdiyo. Pulojusa nayenso gawo lake limakambidwa tsiku lomwelo, chifukwa mikangano yambiri imene ndaiona pakati pa achinyamata imayamba nyimbo itaphulika, pamene wopanga biti wakumbukira kuti sanapatsidwe kanthu. Namondwe wa Freddy atawononga chigwa chino mu Malichi 2023 madzi analowa m'nyumba ya mlongo wanga ndipo mapepala ena ananyowa, koma palibe nyimbo kapena mgwirizano umene unatayika.

Ngakhale ndi pepala ndinapsabe kamodzi. Mu 2023 ndinapekera woyimba wina nyimbo zisanu pa mtengo wa K750,000, n'kuvomera kuti adzandilipira zonse chimbale chikatuluka. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 pa 100, chimbalecho chinachedwa ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo pamene ndalamazo zinkafika zinagula simenti yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene ndinawerengera. Munthuyo sanandibere, analipira monga tinalembera, koma ine ndi amene sindinaike tsiku. Tsopano ndimalandira theka posaina, ndipo theka linalo limakhala ndi tsiku lake, chimbale chituluke kapena chisatuluke.

Pali chinthu china chimene chimandichititsa manyazi, koma ndichinene chifukwa chimakhudza ife a kuchigwa kuposa ena. Mu 2019 ndinatenga kayimbidwe ka valimba kamene agogo anga ankayimba pamaliro, n'kuikapo mawu atsopano, ndipo polembetsa ndinatsala pang'ono kulemba kuti zonse ndi zanga. Amene ankandithandiza kudzaza fomu anandifunsa ngati kayimbidweko ndinakapeka ndekha, ndipo anandikumbutsa kuti malinga ndi lamulo nyimbo zamakolo zimasungidwa ndi boma m'malo mwa Amalawi onse, moti munthu sangazitche zake. Ndinalemba kuti mawu ndi anga ndipo kayimbidwe ndi kamakolo kamene ndangokakonza. Pobwerera kunyumba ndinazindikira kuti ndinatsala pang'ono kuchitira agogo anga ndi anzawo zimene zinandiliza ine zaka zonse zija, ndipo mtima wanga pa woyimba uja unafewako pang'ono, pakuti ndinaona mmene zimakhalira zosavuta munthu kudziuza kuti chimene wachikonza ndi chake.

Ndi iyeyo timalankhulana masiku ano, ndipo chaka chatha anandipempha nyimbo ina, imene ndinamupatsa titasainirana pepala, iye akuseka kuti mphwake wachenjera. Koma za nyimbo ziwiri zija sitigwirizanabe. Imodzi mwa izo imaseweredwabe m'maukwati, ndipo mwezi wathawu ku Ngabu ndinakhala pampando kumvetsera anthu akuvomera kolasi imene ndinailemba nditakhala pansi pa mtengo wa msawu nthawi yopuma kuminda ya nzimbe. Usiku uja wa mu Ogasiti 2012, kuseri kwa malo achisangalalo pa Nchalo, munali anthu ena anayi kapena asanu, ndipo ndikukumbukira bwino kuti mnyamata wina wovala malaya ofiira, amene ankanyamula zokuzira mawu, anakwezanso foni yake pamene ndinkayimba kachiwiri. Ndamufunsa kwa anthu ambiri a ku Nchalo ndi ku Blantyre koma sindinamupeze. Ngati iyeyo, kapena wina amene akumudziwa, angawerenge zimenezi ndipo memori khadi ya foni imeneyo ikadalipo, afunse za wopeka nyimbo wa ku Makhanga pa siteji ya kabaza ya pa Bangula, anyamata a pamenepo adzamufikitsa pakhomo panga.